Masiku anayi pa 0.79 GHz, vuto lili pa kawaya kamodzi

Dzulo usiku laputopu yanga ya Dell Latitude E7440 inadutsa liwiro la 2.5 GHz tchaja ili yolumikiza, ndipo ndinakhala kaye phee kuyang'ana Task Manager, pomwe Windows imaonetsa liwirolo, osakhulupirira. Ndinali nditalimbana nayo kuyambira Lachisanu.

Khalidwe lake linali lodabwitsa. Ikakhala pa batire, purosesa yake (ubongo wa makinawo), i5-4300U, imathamanga bwinobwino. Ndikangolowetsa tchaja, liwiro limagwa mpaka 0.79 GHz n'kukakamira pomwepo, kaya ndatsegula chiyani. Ndikazula, pasanathe masekondi atatu yabwerera mwakale. Tonse tikudziwa kuti laputopu imayenera kukhala ndi mphamvu zambiri ikakhala pa magetsi, koma yangayi imachita zosiyana. Ndiye ndi mmene magetsi amazimira kwathu kuno, maola ochepa amene ayaka ndi omwe munthu umafuna utchaje uku ukugwira ntchito.

Ndinayamba ndi zodziwikiratu. Mu Power Options ndinakweza Minimum processor state kufika 100%, osasintha kanthu. Ndinaganiza za kutentha, ndinamasula chivundikiro cha pansi, kupukuta fumbi pa fani, kupaka thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Koma pulogalamu ya HWiNFO, yoonetsa kutentha kwa makina, imaonetsa madigiri 48 basi. Loweruka lonse linathera kuika Windows yatsopano, ndipo tsiku limeneli ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa ndikanangoyatsa Linux Mint, yogwira ntchito m'malo mwa Windows, pa flash poyamba ndikanadziwa mu mphindi khumi kuti Windows ilibe mlandu. Nditayesa Lamulungu, Mint nayonso inakakamira pa 800 MHz.

Pulogalamu ya ThrottleStop, yosinthira liwiro la purosesa, ndi imene inandipatsa poyambira. Nditachotsa chizindikiro pa BD PROCHOT, liwiro linakwera nthawi yomweyo. Kwa amene simunaigwirepo, BD PROCHOT ndi njira imene zipangizo zina pa bodi zimauzira purosesa kuti itsike liwiro ngakhale iyoyo isanatenthe. Anzanga ambiri amathera pomwepa, amaika pulogalamuyi kuti iziyamba ndi Windows, nkhani yatha. Ine mtima sunakhazikike. Chilipo chimene chimatumiza uthengawo, ndipo kutseka makutu a purosesa sikuchotsa chifukwa chake. Komanso batire inali itaima pa 61% chiyambire Lachisanu, ndipo ine ndimangoti yakalamba.

Tchaja sindinaikayikire chifukwa ndinali nditaiyeza kale ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Inatulutsa 19.5V ndendende monga zalembedwa pa thupi lake, 65W, 3.34A. Apa ndi pamene panandisokeretsa masiku onsewa. Pulagi ya 7.4mm ya ma Latitude amenewa ili ndi njira zitatu. Chitsulo cha kunja ndi negative, khoma la mkati ndi positive, ndipo kasingano ka pakati sikanyamula mphamvu yoyendetsera makina. Ntchito yake ndi kunyamula uthenga wochokera pa kachipu kakang'ono ka 1-Wire (kolankhula kudzera pa kawaya kamodzi) kamene kali m'tchajamo, kouza laputopu kuti tchaja iyi ndi ya mawatsi angati. Uthengawo ukapanda kufika, makina amadziteteza: amatsitsa purosesa, amasiya kudzaza batire, kuopa kukoka mphamvu yoposa imene tchaja ingakwanitse. Ndinadina F2 poyatsa, kulowa mu BIOS, momwe mumakhala zosintha za makina enieniwo, pa Battery Information, ndipo pa AC Adapter panalembedwa Unknown.

Nanga bwanji sinandichenjeze poyatsa? Mu BIOS momwemo, pansi pa POST Behavior pali Adapter Warnings, machenjezo a tchaja, ndipo ndinapeza zozimitsa. Laputopuyi ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ndiye wina anazimitsa ndisanaigwire. Ngati muli ndi yotere, kayang'aneni lero lomwe.

Lolemba ndinakwera minibasi wa ku Limbe, kwa bambo wina amene ndimagulako zipangizo. Ndimawakonda chifukwa sakulola uchoke usanayese chinthu pa tebulo lawo. Ndi omwewo anandipezera SSD ya mSATA chaka chatha, ndiponso kiyibodi ya ThinkPad ya mlongo wanga imene inathiridwa tiyi. Nditafotokoza, sanayankhe zambiri. Anangoti, "Achimwene, tabweretsani tione," n'kutulutsa tchaja yawo ya 90W m'katoni. BIOS inalemba 90W pompo, batire n'kuyamba kukwera. Kenako anatenga yangayo, kuilowetsa, n'kumapinda chingwe pang'onopang'ono ndi zala pafupi ndi pulagi. Akapindira kumanzere, 65W imaoneka. Akasiya, Unknown. Kawaya kopyapyala ka kasingano kanali kataduka mkati mwa labala, pamalo pomwe ndimapindira ndikamakulunga chingwe kuti chilowe m'chikwama. Kunja sikumaoneka chilema chilichonse.

Anandichenjezanso chinthu chimene ndikufuna nanunso mumve. Poyeza pulagi yamtunduwu, nsonga ya multimeter isakhudze kasingano ndi khoma la mkati nthawi imodzi. Ma 19.5V akalowa njira ya uthengayo amatha kuwotcha kachipu kaja, ndipo ngati zachitikira pa doko la laputopu, vuto limasamukira pa bodi, kumene kukonza kwake n'kodula. Nditakumbukira mmene ndinalowetsera nsonga ija Lachisanu, thupi linachita tsembwe.

Ndinagula ya 90W yomweyo. Ndabwezeretsa BD PROCHOT mmene inalili, ThrottleStop ndachotsa, Adapter Warnings ndayatsa. Batire, imene ndinatsala pang'ono kuitaya, yadzaza mpaka 100% ndipo m'mawa uno yandisunga maola oposa awiri magetsi atazima.

Tchaja yakaleyo sinditaya. Ndikufuna ndidule chingwe masentimita angapo kuchokera pa pulagi, ndiwotcherere mawaya atatuwo pa pulagi ina, ikhale ya kuntchito. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi kachipu kaja. Arduino, kabodi kakang'ono kamene munthu amakalembera pulogalamu yekha, imatha kuwerenga 1-Wire, ndiye ndikufuna ndione ndi maso anga zimene kamauza laputopu. Zikatheka, ndikachotse ndikakaike pa boost converter yokweza 12V kufika 19.5V, kuti makinawa azidya molunjika kuchokera ku batire ya sola popanda kudzera pa inverter. Sola yakeyo sindinagule, ndipo converter yopirira ma ampu anayi osatentha sindinaione ku Limbe. Bambo aja akuti ndikafunsenso mwezi ukatha katundu wawo akafika.