Nsima ya ku Mikalango ndi ya ku Zombwe si imodzi

Ndimaphunzitsa chemistry ku sekondale, ndipo pa tchati cha ma element chomwe chili pakhoma la kalasi yanga pali kabokosi ka nambala 34 komwe ana sakayang'ana n'komwe. Iwo amaloweza ma element 20 oyambirira, kufika pa calcium, kenako amatseka buku. Kabokosi ka 34 ndi ka seleniyamu, kali pansi penipeni pa salufa. Ine ndimaimapo dala, chifukwa pa zinthu zonse za pa tchaticho, ichi ndi chimodzi mwa zochepa zomwe dziko lathu lafufuzidwapo mozama mpaka akatswiri a kunja amatchula Malawi akamakamba za icho.

Seleniyamu anamutulukira ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1817, m'zinyalala za fakitale yopanga asidi wa salufa. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankamudziwa kwambiri ngati poizoni. Patapita nthawi mpamene zinadziwika kuti thupi silingachite popanda iye: amagwira ntchito m'chithokomiro limodzi ndi ayodini, ndipo amathandiza kuteteza maselo kuti asawonongeke. Koma amafunika wochepa zedi. Munthu wamkulu amafuna mamaikrogalamu pafupifupi 55 patsiku, ndipo maikrogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa kamiliyoni. Ndinawapatsapo ana samu imeneyi: pachaka ndi mamiligalamu 20, ndipo pa zaka 70 sakwana n'komwe galamu imodzi ndi theka. Moyo wonse wa munthu. Komabe ambiri a ife kagalamu kameneko sitikapeza.

Amene anaulula zimenezi ndi Allan Chilimba, katswiri wa zanthaka wa ku Unduna wa Zaulimi, pamodzi ndi anzake a ku yunivesite ya Nottingham. Anatola chimanga ndi dothi m'minda ya m'zigawo zonse zitatu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Chimanga cha m'madera ambiri chinali ndi seleniyamu wochepa kwambiri, koma cha pa dothi lakuda la makande la ku chigwa cha Shire chinali naye wochuluka mwina kakhumi. Mbewu yake yomweyo, makonzedwe ake omwewo, kusiyana n'kwa nthaka basi. Kafukufuku wina wa 2013 anayerekeza amayi a ku Zombwe ku Mzimba ndi a ku Mikalango ku Chikwawa. A ku Zombwe ankadya mamaikrogalamu osakwana 10 patsiku, pamene a ku Mikalango ankafika cha m'ma 55. M'magazi a amayi a ku Zombwe munali seleniyamu wosakwana theka la wa anzawo aja.

Zimandiseketsa pang'ono, ngakhale si zoseketsa. Chigwa cha Shire ndi komwe timakumvera chisoni chaka ndi chaka, madzi akasefukira kapena ng'amba ikavuta, n'kumatumizako chimanga cha chithandizo. Chonsecho kambewu kochepa komwe amakolola kumeneko, chimanga ndi mapira omwe, n'kabwino pa nkhani iyi kuposa matumba odzaza nkhokwe a ku Kasungu ndi ku Mchinji.

Chifukwa chake n'chimene chimandikoka ine ngati mphunzitsi, poti ndi chemistry yeniyeni yomwe mwana angaione pa khasu la amayi ake. Sikuti dothi la kumtunda mulibiretu seleniyamu. Alimo, koma ndi womangika. M'nthaka, seleniyamu yemwe mbewu ingamwe amapezeka m'mitundu iwiri, selenite ndi selenate. Kusiyana kwake ndi atomu imodzi yokha ya okosijeni: selenite ali nawo atatu, selenate anayi. Dothi lathu lofiira la katondo limafiira chifukwa cha ayironi wochita dzimbiri, ndipo nthawi zambiri limakhala la asidi. M'dothi lotere selenite amamatirira pa timibulu ta ayironi tija mwamphamvu, muzu ukafika supeza kanthu m'madzi a m'nthaka. Ku makande kuli laimu wachilengedwe, pH (muyezo wa asidi, womwe umakwera asidi akamachepa) imapitirira 6.5, kumatirira kuja kumachepa, ndipo seleniyamu amayenda ndi madzi. Selenate amafanana kwambiri ndi sulphate, mtundu wa salufa womwe mbewu imamwa, paja ndanena kuti pa tchati seleniyamu ali pansi pa salufa, mwakuti muzu susiyanitsa. Umamulowetsa pa khomo lomwelo lolowera sulphate, n'kumuika m'mapuloteni a njere m'malo mwa salufa. Chimangacho sichimufuna seleniyamu kuti chikule. Munda wosowa seleniyamu umabiriwira bwinobwino, zisononkho zake zikuluzikulu, ndipo palibe mlangizi angauone ndi maso n'kunena kuti pali vuto.

Ndiye akatswiri amadziwa bwanji? Apa mpamene pali ntchito yomwe anthu saiona. Njere amaziumitsa, kuzipera, n'kutapa ufa wosakwana galamu imodzi. Ufawo amausungunula mu asidi wa nitric wotenthetsa mpaka usanduke madzi oyera mbee. Madziwo amawapopera m'makina otchedwa ICP-MS, momwe mpweya wa argon umayaka pa kutentha kwa madigiri masauzande angapo, kofanana ndi kwa pamwamba pa dzuwa. Chilichonse chimasweka kukhala maatomu, ndipo makinawo amawawerenga potengera kulemera kwawo. Koma seleniyamu ndi wovuta. Maatomu ake ambiri amalemera 80, ndipo atomu ya argon imalemera 40. Maatomu awiri a argon akagwirana amalemeranso 80, makina n'kuwerenga ngati seleniyamu. Munthu wosasamala akhoza kulengeza kuti chimanga cha ku Mzimba n'chodzaza seleniyamu pamene akuyeza mpweya wa m'makina ake omwe. Pofuna kupewa zimenezi amawerenga seleniyamu wolemera 78, n'kulowetsa haidrojeni kapena helium m'njira kuti aphwanye magulu a argon aja, ndipo nthawi zonse amayeza limodzi ndi ufa wina womwe muyezo wake ndi wodziwika kale. Ndikamawafotokozera ana zimenezi amaona ngati ndikuwonjeza, koma manambala onse a m'nkhani ino anadutsa pamenepo.

Kuchokera nthawi ya a Chilimba ntchito yakula. Magazi omwe anatoledwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti amayi oposa 60 pa 100 aliwonse a msinkhu wobereka ali ndi seleniyamu wochepera muyezo woyenera. Mu 2021 magazini ya Nature inasindikiza mapu a Malawi ndi Ethiopia, opangidwa ndi gulu lomwe munali a Patson Nalivata a ku LUANAR, atayeza mbewu za m'malo oposa 1,800 m'dziko muno. Mapuwo akuonetsa calcium, ayironi, zinki ndi seleniyamu, dera ndi dera. Kwa munthu wa kumudzi amene amadya zolima yekha, komwe anabadwira n'komwe kumamuuza zimene zili m'mbale yake. A m'mbali mwa nyanja amapulumukirako pa nsomba, chifukwa usipa ndi matemba zili naye seleniyamu. A m'tauni amadya zosakanikirana zochokera uku ndi uku.

Kafukufuku amene ndimamulemekeza kwambiri ndi wa 2019 wa kwa Wimbe ku Kasungu. Analima chimanga ku Bunda, china atachithira selenate, china ayi, n'kugaya ufa. Mabanja ankalandira ufa osadziwa kuti ndi uti, n'kumaphika nsima monga mwa masiku onse. Patatha milungu isanu ndi itatu, amayi omwe ankadya ufa wothiridwa uja seleniyamu wa m'magazi awo anachoka pa mamaikrogalamu 58 pa lita kufika cha m'ma 108. Ana a sukulu nawonso anakwera chimodzimodzi. A gulu linalo sanasinthe kwenikweni. Tikumbuke kuti apa n'kuti patangopita zaka ziwiri chichitikireni mphekesera za anamapopa za 2017, zomwe zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana. Mayi wa kumudzi kulandira ufa waulere kwa alendo, kenako n'kutambasula mkono kuti amutenge magazi, iye ndi mwana wake, si chinthu chapafupi. Mayina omwe amalembedwa pamwamba pa malipoti ndi a madokotala ndi mapulofesa, koma amayi aja ndi mafumu awo anachita mbali yolimba mtima.

Tisakuze nkhani mopitirira. Kafukufukuyo anayeza magazi, sanayeze kuchepa kwa matenda. Ndipo seleniyamu akachuluka amapweteka. Ku China kuli maphunziro onse awiri: ku Keshan, kumpoto chakum'mawa, kusowa kwake kunkathandizira matenda a mtima omwe ankapha ana ndi amayi, pamene ku Enshi m'chigawo cha Hubei, m'zaka za m'ma 1960, anthu ankathothoka tsitsi ndi zikhadabo chifukwa chodya mbewu za pa nthaka yomuchulutsa. Malire a munthu wamkulu amaikidwa pa mamaikrogalamu 400 patsiku kapena kucheperapo. Choncho amene angawerenge izi n'kuthamangira kukagula mabotolo a mapiritsi kwa ogulitsa a pa WhatsApp, asanene kuti ndamutuma ndine.

Kuopsa komweku n'kumene kumachititsa kuti yankho lisakhale m'manja mwa mlimi payekha. Zoyesa za a Chilimba m'minda ya kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka zinaonetsa kuti magalamu 5 a seleniyamu pa hekitala akukwanira kusintha chakudya cha banja. Magalamu 5 ndi ngati kasupuni kamodzi ka shuga wa mu tiyi, ndiye mukamwaze mofanana pa maekala awiri ndi theka. Palibe angathe ndi manja. Malo ake ndi ku fakitale yosakaniza feteleza, kuti mbulu uliwonse utenge kagawo kake. Ndipo ayenera kuthiridwa chaka chilichonse, chifukwa wotsala m'nthaka katondo amamumanga msanga, chaka chamawa mbewu sizimupezanso.

Ena adzati n'zachilendo, koma feteleza wokulitsa yemwe timagula masiku ano analembedwa 23:10:5+6S+1Zn, ndipo Zn ameneyo ndi zinki wochita kuwonjezera. Mchere wathu uli ndi ayodini, shuga ali ndi vitamini A. Dziko la Finland linaganiza zothira selenate mu feteleza mu 1984, litaona kuti nthaka yake ndi yosowa ngati yathuyi. Chomwe ndimatolapo pa Finland si kuyamba kwawoko koma zomwe anachita pambuyo pake. Anayamba ndi mamiligalamu 16 pa kilogalamu ya feteleza wa mbewu, mu 1990 anatsitsa kufika pa 6, mu 1998 anakweza kufika pa 10, ndipo mu 2007 pa 15. Ankatha kusintha chifukwa chaka ndi chaka ankayeza tirigu, mkaka, nyama ndi magazi a anthu.

Ife zambiri mwa zitsanzo za kafukufuku ndatchulayu zinakwera ndege kukayezedwa ku Britain. Pa kafukufuku wa zaka zingapo zimenezo n'zotheka, koma pa feteleza wolowa m'minda ya dziko lonse pafunika labotale yomwe ingatenge thumba pa msika wa Jenda kapena wa Lunzu sabata ino n'kupereka yankho sabata yamawa. Makina a ICP-MS amafuna masilinda a argon osadukiza, asidi woyera kwambiri, madzi osefedwa, magetsi osazimazima, ndi munthu wolipidwa mokwanira kuti asathawire ku ntchito ina. Ku chigwa cha Shire feteleza wotere sangafunike n'komwe, ndiye kuti thumba la ku Ngabu ndi la ku Ekwendeni liyenera kusiyana, ndipo wina ayenera kumaona kuti malole sakusokoneza matumbawo.