Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka Chimene Bambo Anatitengera ku Nyanja Yamchere

Ndiyambe ndi kuthokoza. Nditalemba gawo lapitalo ndinkafuna kupuma kaye, koma mauthenga anu sanandipatse mpata. Mayi wina analemba kuti ankawerenga ali m'basi mpaka anapitirira pamene amayenera kutsikira. Inu mayi, Mulungu akudalitseni. Ambiri mwakhala mukufunsa za ulendo uja ndinangoutchula modutsa, ndipo ena mwafunsa chimene chinatidanitsa ndi azakhali. Nkhani ziwirizi ndi imodzi.

Bambo anali ndi chizolowezi chimene abale awo ankachitcha misala. Sukulu zikatseka mu Disembala, ankatitenga tonse, amayi, achimwene, ine ndi mng'ono wanga, kupita kwinakwake kumene tinalibeko m'bale ngakhale mmodzi, kukangoona malo basi. Sitinali olemera, mukudziwa kale zimenezo. Ankayamba kusunga ndalama ya ulendo chaka chikangoyamba, ndipo ikalowa m'kabokosi kawo kaja inkatuluka pa tsiku logula matikiti.

Mu 1995 tinakafika ku Victoria Falls, mbali ya Zambia. Disembala si nthawi ya madzi kumeneko. Zambezi amadzaza cha mu Epulo, mvula ya kumtunda ikatsetsereka, ndiye ife tinapeza mbali yaikulu ya phompho lija, lotambalala mamita oposa 1,700, ili miyala yakuda yokhayokha, madzi akungotsika apa ndi apo. Achimwene anakwinya nkhope. Bambo anatiimika pa kamlatho kopapatiza kotchedwa Knife Edge n'kunena kuti tiyang'ane pansi. "Obwera nthawi ya madzi amangoona nthunzi," anatero. "Inu mwaona kuya kwake." Kenako anatilozera mlatho wachitsulo wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene unamangidwa mu 1905, ndipo tinabwerera.

Zaka ziwiri zotsatira sitinapite kulikonse. Kabokosi kankangolemera, ife osadziwa chifukwa.

Amene munawerenga gawo lachitatu mukukumbukira kuti bambo ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, anagwirako ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Pali chimene sindinalembe nthawi imeneyo. Kumapeto a sabata, banja limene ankaligwirira ntchito linkapita kukasambira ku Muizenberg. Bambo ankanyamula mipando, ambulera ndi dengu, n'kukaziyala pamchenga, kenako n'kubwerera kukadikira pafupi ndi galimoto mpaka dzuwa litapendeka. Gombelo linali la azungu okha. Lamulo la 1953 linkalola kuti magombe, mapaki, mabenchi ndi zimbudzi zigawidwe motengera khungu, ndipo zikwangwani zinali poyera, m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans. F. W. de Klerk, pulezidenti wa South Africa nthawi imeneyo, analengeza mu Novembala 1989 kuti magombe atsegulidwe kwa onse, lamulolo n'kuthetsedwa mu 1990. Bambo anamva nkhaniyi pa wailesi. Amayi amati tsiku limenelo sanayankhule kanthu, anangozimitsa wailesi n'kutuluka panja.

Choncho mu Disembala 1998, ine ndili ndi zaka 14, anatiuza kuti tikupita ku Cape Town.

Za basi yopita ku Johannesburg sindinena zambiri, inali yotopetsa. Kuchokera pamenepo tinakwera sitima yodutsa ku Kimberley ndi m'chigwa chouma cha Karoo, kumene munthu umayang'ana pawindo maola ambiri osaona mtengo wautali, kenako mwadzidzidzi n'kulowa m'mapiri ndi m'minda ya mpesa. Bambo wa ku Victoria Falls uja akanaima pawindo ulendo wonse, akutiuza dzina la siteshoni iliyonse. Uyu ankagona. Anamasula zingwe za nsapato. Atavula sokosi ndinaona kuti akakolo awo atupa, ndipo pamene panadutsa mphira wa sokosi panatsala mzere wolowa mkati umene sunkafuna kubwerera. Amayi anaona kuti ndaona, anawafunditsa nsalu m'miyendo n'kundituma kukatunga madzi.

Ku Muizenberg tinapita pa sitima ya m'tauni, ija imathera ku Simon's Town. Ukatsika, nyanja imakhala pomwepo. Timanyumba tamatabwa tosinthira zovala, tofiira, tachikasu, tobiriwira, tinali pamzere m'mphepete mwa mchenga. Anthu anali mbwee, akuda, azungu, amwenye, ana akukuwa, opulumutsa anthu m'madzi atazika mbendera zawo kusonyeza posambira. Achimwene ndi mng'ono wanga anathamanga. Ine ndinatsala, chifukwa bambo anaima.

Anaima pamene simenti imathera, mchenga n'kuyamba. Anthu ankawalambalala. Mphepo inkawakupiza shati. Amayi sanawafulumize, anangoima pambali atagwira chikwama ndi manja awiri. Bambo anayang'ana kumanzere, kumene magalimoto amaima, anayang'anako nthawi yaitali. Sindinafunse, koma ndinadziwa kuti akufunafuna malo awo akale. Kenako anawerama movutikira, anavula nsapato, anaika sokosi mkati mwake, n'kuzinyamula m'dzanja limodzi. Anayenda pang'onopang'ono, molunjika, osayang'ana munthu aliyense, mpaka pamene mchenga umanyowa. Funde linabwera n'kuwanyowetsa thalauzi mpaka m'mawondo. Sanabwerere m'mbuyo.

"Kani ndi ozizira," anatero. "Zaka zonse zija ndinkawaona akusewera, ndinkati ndi ofunda."

Ndipo pamenepo ndi pamene amati pali madzi ofundako. Muizenberg ili ku False Bay. Mbali inayo ya mzinda, ya Atlantic, madzi ake ndi ozizira koposa chifukwa cha mkokomo wa madzi ozizira a m'nyanja wotchedwa Benguela. Koma kwa bambo amene anawadikira zaka zoposa 20, anali ozizira. Anatembenuka, maso ali ofiira, n'kukweza mawu mpaka anthu ena anacheuka: "Lowani, ana inu! Lowani, musapemphe kwa munthu!"

Ndinalowa ndi diresi yanga yomweyo. Madzi amchere anandiwawa m'maso, mchenga ukuthawa pansi pa mapazi funde likamabwerera. Nditacheuka ndinaona amayi atakhala pansi pafupi ndi bambo, atawagwira phewa pamaso pa anthu onse, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Tinapitanso kukaona mbalame zija zosauluka, ma penguin, ku Boulders. Mng'ono wanga mpaka lero amakumbukira zimenezo zokha.

Phiri ndilo linavuta. Nthawi yotentha ku Cape Town kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo ikawomba mtambo umayalika pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya patebulo. Tsiku loyamba tinapeza chikepe chokwera pa chingwe atachiimitsa chifukwa cha mphepo. Achimwene anati tikwere wapansi kudzera ku Platteklip Gorge, njira ya miyala imene anthu ambiri amadzera. Bambo anakana mwaukali. Achimwene anati, "Koma adadi, si inu mumati phiri salikwera ndi makina?" Bambo anawayang'ana osayankha. Achimwene akhala akuwasenza mawu amenewo moyo wawo wonse, ndipo ndikudziwa kuti awerenga izi. Achimwene, munali mwana. Simunadziwe.

M'mawa mwake kunacha bwino. Chikepecho chinali chatsopano, anachiika mu 1997 m'malo mwa chakale, ngakhale kuti njira ya chingweyo inatsegulidwa kalekale mu 1929. Chimanyamula anthu 65, ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. M'mphindi zisanu zokha tinali pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja. Mbira zinali kuwothera dzuwa pamiyala, zosaopa munthu. Amayi anatsatira mng'ono wanga amene ankazithamangitsa, achimwene anapita ndi kamera chakutsogolo. Ine ndinatsala ndi bambo.

Sanafike pa kampanda koonera. Anakhala pamwala, pafupi kwambiri ndi pamene tinatsikira. Milomo yawo inasintha mtundu, inatuwa. Ankapuma ndi pakamwa, mapewa akukwera ndi kutsika, thukuta likutsika m'khosi pamene ine ndinkanjenjemera ndi kuzizira. Ndinati ndikaitane amayi. Anandigwira pamkono, ndipo dzanja lawo linali lonyowa.

"Usawauze mayi ako. Asiye asangalale."

"Adadi, tiyeni titsike."

"Iyayi. Pita apo, ukaime pakampandapo. Uzindiuza zimene ukuona."

Ndinapita. Panali masitepe ochepa chabe kuchokera pamene anakhala. Ndinayamba kunena mokweza, ndikucheuka pa mawu alionse kuona ngati akadali chikhalire. Ndinati ndikuona nyumba zazitali, ndi doko, ndi sitima zapamadzi. Anati, "Kumanzere?" Ndinati kuli phiri lina losongoka. "Lion's Head ameneyo. Pitiriza." Ndinati pakati pa nyanja pali chilumba chafulati. Anakhala chete, kenako anati, "Robben Island. Mandela anakhala pamenepo zaka 18. Ine ndili kuno, iye anali pamenepo. Lero ndi pulezidenti." Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinkafuna kuthamangira kwa iwo koma anakweza dzanja. "Pitiriza, mwanawe. Nanga mitambo?" Ndinawauza za mitambo. Ndinawauza za mbalame, za magalimoto ooneka tating'ono m'misewu, za mtundu wa madzi. Zitatha zoona ndinayamba kubwereza, misozi ikutsika, mawu ndikuwalimbitsa kuti asamve. Alendo ankandidutsa n'kumamwetulira, poganiza kuti ndi mwana wosangalala.

Pamene amayi ankabwerera, bambo anali ataimirira, atapukuta nkhope. Ndinasunga chinsinsi chawo.

Anamwalira pakati pa 1999. Ndi mtima.

Tsopano azakhali. Pa maliro, ife tili pompo, ananena mokweza kuti, "Ndalama anakazitaya m'nyanja. Akanapita nazo kuchipatala, bwenzi lero mlongo wanga ali moyo." Ankayang'ana amayi. Amayi sanayankhe. Ine mawu amenewo ndinawakhulupirira kwa zaka zambiri, ndipo ndinkadzuka usiku n'kumaganiza kuti ndikanaulula pa phiri paja, mwina zinthu zikanasintha.

Ndi mu 2011, nditabereka mwana wanga woyamba, pamene ndinawauza amayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wanga, ndinkadziwa." Adokotala anali atawauza onse awiri miyezi ingapo ulendo usanachitike kuti mtima wakula ndipo wafooka, kuti mankhwala angochepetsa kutupa ndi kubanika. Mankhwalawo ankamwa tsiku lililonse, amayi ndi amene ankawasunga m'chikwama chija ankachigwira ndi manja awiri. Anakambirana, ndipo bambo anasankha. Anati safuna kuti ana awo adzangomva kuti bambo wawo ankadikira pagalimoto.

Azakhali anali asanafunsepo zimenezi. Bambo ali m'chipatala miyezi yomaliza, sanabwere kudzawaona. Ana awo ndikudziwa kuti mumawerenga kuno, ndipo inu ndilibe nanu mlandu. Koma amayi anga ananyozedwa pa maliro a mwamuna wawo chifukwa cha chinthu chimene sanalakwe, ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzapepesa. Ndalemba kuti zidziwike.

Ndiyankhenso bambo wina amene analemba kuti ndalama zimene ndimayendera ndi ana bwenzi nditamalizira nyumba. Simunanene mwachipongwe, ndipo ndakumvani. Nyumbayo ikumangidwa pang'onopang'ono ndipo idzatha. Ana anga sadzakhalanso ndi zaka zimene ali nazo lero, ndipo ine sindidziwa kuti mtima wanga unatengera wa ndani. Mu Epulo 2019 ndinawatengera ku Victoria Falls, tinanyowa pa Knife Edge mpaka mkati, osaona phompho ngakhale pang'ono. Ku Muizenberg sindinabwerereko. Ndikusunga, ndipo amayi anena kuti ngati miyendo ilola, apita nafe.

Gawo lotsatira ndifotokoza mmene amayi anatilerera okha kuyambira 1999, ndi chifukwa chenicheni chimene achimwene anasiyira sukulu. Ndawapempha kale chilolezo, ndipo avomera.