Mandasi a 10 koloko ndi kasikelo kanga ka kukhitchini

Dzulo ndimadutsa pa siteji paja mothamanga, nkhope nditayang'ana kumbali dala, koma mayi a mandasi anandionabe. Anakuwa mpaka ma kondakitala kucheuka, "Asisi! Takulakwirani chani ife?" Abale ndinachita manyazi. Zaka zitatu mayi amenewa akhala akundikulungira mandasi awiri m'mawa uliwonse, otentha, mu pepala la nyuzi lija limafika ku ofesi litanyowa mafuta mpaka kumaoneka zolemba za kuseri, ndipo nthawi zambiri amaponyamo kabanyira osapempha. Ndiye pano sabata ya nambala 7 ndikungowadutsa ngati ndili nawo ngongole.

Zinayamba ndi sikelo ya ku chipatala. Ndinapita ndi mutu chabe, anesi akuti kwerani apo, 84 kg, BP nayo yakwerako, kenako anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti mayi muchepetseko zokazinga ndi shuga. Madzulo omwewo ndinapanga dawunilodi ka app kowerengera ma calories (muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi), ndikudziuza kuti zimenezi nzophweka, umangolemba zomwe wadya basi. Eeh. Ka app kameneka kamadziwa pizza ya mtundu uliwonse koma lembani chitumbuwa muone, kangokuyang'anani. Nsima imabwera ndi manambala osiyanasiyana omwe anthu analowetsamo okha, wina akuti mtanda umodzi chakuti wina chakuti, nanga mtanda wa ndani, wa ku lesitilanti kapena wa agogo anga womwe umabisa mwana kuseri kwake? Mapeto ake ndinagula kasikelo ka dijito ka kukhitchini, ndipo kuyambira pamenepo ndi pamene ndinayamba kukhumudwa bwinobwino.

Chinthu chimodzi chomwe chinanditsegula m'maso ndi ichi: gramu imodzi ya mafuta ili ndi ma calories 9, pomwe gramu ya sitachi kaya shuga kaya puloteni ili ndi 4. Supuni imodzi yayikulu ya mafuta ophikira, ija timangothira mu tomato osaganiza, ndi 120 yonse. Mbatatesi yowiritsa ya magalamu 100 siifika nkomwe 90, koma mbatatesi yomweyo ikasambira mu chiwaya imakafika cha mma 300. Tsiku lina ndinagula chips cha pa chiwaya chomwe ndimadya lanchi, ndinakana kudyera pompo, ndinapita nacho mu jumbo mpaka kunyumba kukachiika pa sikelo ngati wamisala, 310 g. Werengerani nokha. Ndipo apo sindinawerengere chipande cha mafuta otentha chija achimwene a pa chiwaya amathira pa kabichi kuti saladi afewe, ine zaka zonsezi ndimati ndikudya masamba kkkk.

Sabata yoyamba ndinapanga zaukali, ndinasiya zonse kamodzi. Mandasi, chips, zigege, samusa, Fanta, mabisiketi a mu dilowa ya ku ofesi. Lolemba bhobho, Lachiwiri bhobho, Lachitatu 10 koloko itakwana mimba inayamba kuimba nyimbo, anzanga akutsegula mapepala awo ofesi yonse fungo la mandasi lokhalokha, ine ndikumwa madzi ngati ng'ombe ndikuyankha maimelo mokwiya. Ndinapirira mpaka Loweruka. Loweruka usiku cha mma 11 ndinapezeka nditaimirira mu khitchini mumdima ndikudya Kamba puffs wa mwana wanga yemwe ndinamugulira wa kusukulu, mapaketi atatu, kenako buledi wopaka majarini, ndipo sindinamve nkukoma komwe, ndimangotafuna ngati ndikubwezera winawake. M'mawa mwana akufunsa kuti mami Kamba wanga ali kuti, ndinanamizira makoswe.

Koma chomwe chinandipweteka mtima kwenikweni ndi mtedza. Nditaona kuti kukhala pakamwa pali pululu sindingathe, ndinati chabwino m'malo mwa mandasi ndizidya mtedza wokazinga, nanga si aliyense amati ndi chakudya chabwino, nchochokera kumunda. Ndinakazinga wambiri wa chalimbana womwe anatitumizira kumudzi, kuthira kamchere, kuika mu botolo la pa desiki, ndiye dzanja limangopita lokha, kulemba lipoti dzanja mu botolo, foni dzanja mu botolo. Masabata awiri sikelo osasuntha olo pang'ono. Ndiye tsiku lina ndinati ndiyeze zomwe ndimamaliza patsiku, zinakwana magalamu 100 ndi kadontho, ndipo mtedza wa magalamu 100 uli ndi ma calories pafupifupi 570, pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta okhaokha, nchifukwa chake amayengera mafuta ophikira. Mandasi anga awiri aja ndimawayerekeza cha mma 400 onse pamodzi. Ndiye kuti ndinasiya chinthu chomwe ndimachikonda ndi mtima wonse nkulowetsapo china cholemera kuposa, nkumadzitama. Ndinakhala pansi kuseka ndekha. Mtedza siwoipa ayi, uli ndi puloteni, umakhalitsa m'mimba, koma ndi wa kadzanja kamodzi, magalamu 30, osati botolo. Mapeyala nawo chimodzimodzi, ndimadya lonse lalikulu lija ndi supuni poganiza kuti chipatso sichiwerengedwa.

Kenako tiyi. Ine tiyi ndimamwa katatu patsiku ndipo kapu iliyonse masupuni atatu a shuga, odzaza mpaka phiri. Tikangowerengera osadzaza, kasupuni kamodzi ndi magalamu 4, ma calories 16, ndiye 9 patsiku ndi magalamu 36. Onjezani botolo la Coca-Cola la 300 ml lomwe lili ndi shuga wopitirira magalamu 30. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2015 ananena kuti shuga wothira asamafike 10 pelesenti ya ma calories a chakudya chako chatsiku, kwa munthu wamkulu ndi cha mma magalamu 50, pafupifupi timasupuni 12, ndipo akuti ndibwinonso kwambiri kutsika mpaka theka lake. Ine ndimadutsa pamenepo ndisanakhudze bisiketi olo imodzi. Chodabwitsa nchakuti apa ndi pomwe kuchepetsa kunali kosavuta, ndinatsika kuchoka pa atatu kufika awiri, patapita masabata awiri mpaka imodzi, pano tiyi wa masupuni atatu ndikamulawa amandikoma ngati Sobo wosasungunula. Mandasi ndimawalota usiku koma shuga wa mu tiyi sindinamusowe nkomwe, ndipo ndi amene amandidyera malo ambiri mwakachetechete.

Kunyumba kwa abale ndiye nkhani ina. Mwezi watha tinapita kwa apongozi ku Dedza, tangofika atulutsa chigumu chotentha, thobwa mu jagi, mbatata, ndipo ine ndinayesa kunena mwaulemu kuti amayi ndingotenga pang'ono. Anasiya zomwe amachita. "Mwayamba kudwala kodi? Nanga nkhope yagwa chonchi, kunyumbako kuli mtendere?" uku akuyang'ana mwana wawo ndi diso lija. Kwathu kuno ukanenepa ndiye kuti akukusamala, ukayamba kutsika anthu amayamba kunong'ona zina, ndipo kukana chakudya cha munthu wamkulu yemwe wadzuka mbandakucha kukuphikira ndi mwano basi, palibe app yomwe ingakufotokozere zimenezo. Ndinadya chigumu zidutswa ziwiri, thobwa kapu yodzaza, ndipo tsiku limenelo sindinalembe kalikonse mu foni. Chinali chokoma heve, cha nthochi zakupsa kwambiri zija.

Pano ndimapanga chonchi. Nsima sindinaisiye ndipo sindidzaisiya, ndinangochotsa mtanda umodzi nkuchulukitsa ndiwo zamasamba, mafuta ndimayeza ndi supuni osati kupendeketsa botolo. Pa 10 koloko ndimadya dzira lowiritsa, lomwe ndi cha mma 75, ndi nthochi imodzi kapena magwafa, nthawi zina mbuliwuli wokazinga ndekha ndi timafuta tochepa. Chimanga chootcha cha pamsewu chimandithandiza madzulo chifukwa chimatenga nthawi kutafuna, ukamamaliza chitsononkho nsagwada zatopa. Chips kamodzi pa sabata, ndimagawana ndi mnzanga mbale imodzi ndipo ndimawauza achimwene aja kuti kabichi asathire mafuta, amandiyang'ana momvetsa chisoni. Sikelo ikuti 81.4. Sizambiri, siketi ya buluu ija sinayambe kutseka, koma usiku sindikubanso Kamba wa mwana.

Kunena zoona kuwerenga kumatopetsa, pena umadzimva ngati akauntanti wa mimba yako, ndipo pali masiku ena ndimaona kuti ndayamba kuopa chakudya, nthochi yeniyeni kumaiyang'ana mokayikira, masiku amenewo ndimatseka app nkudya ngati munthu. Amuna anga amati kasikelo kaja ndi mkazi mnzawo wa chakudya, sindikudziwa kuti akutanthauza chani koma amaseka okha.

Ndiye lero Lachisanu ndinaima pa siteji paja. Ndinawafotokozera mayi aja kuti si inu ayi, ndi BP, anesi anandiletsa zamafuta, ndizibwera Lachisanu lokha ndipo limodzi basi. Anapukusa mutu, "Iii asisi, thupi labwinobwino ngati limeneli mukufuna mulithere chani," uku akusankha lalikulu kwambiri pansi pa beseni pomwe pamakhala otentha. Ndinalipira limodzi. Nditafika ku ofesi kutsegula pepala, muli awiri. Lachiwirilo ndinakawapatsa a gadi pa geti, koma ndinali nditalumako kale kumbali, anangoliyang'ana nkulandira osafunsa.