Wii U inakanika m'mashopu, koma ine inandidzutsa pabedi

Mu Julayi 2013 Asda, imodzi mwa masupamaketi akuluakulu kuno ku UK, inachotsa Wii U, makina osewerera magemu a pa TV, m'mashelefu ake. Makinawa anali asanathe n'komwe chaka pamsika, poti kampani ya Nintendo inawatulutsa mu Novembala 2012. Kuyambira Epulo mpaka Juni chaka chimenecho, dziko lonse lapansi anagulidwa 160,000 okha, pomwe mkulu wake, Wii, anadutsa 100 miliyoni chitulukireni. Vuto linayambira pa dzina. Makolo ambiri ataona GamePad, chogwirira chachikulu chokhala ndi sikirini pakati, ankayesa n'chongowonjezera pa Wii yomwe anali nayo kale kunyumba. Pofika Meyi 2013 a EA, kampani yaikulu yopanga magemu, anali atanena kuti palibe gemu yomwe akukonzera makinawa, ndipo mu Novembala PlayStation 4 ndi Xbox One, makina a makampani opikisana ndi Nintendo, zinabwera kudzamalizitsa.

Ine nthawi imeneyo ndinali chigonere m'chipinda chapamwamba ku Nottingham. Msana unandithyokera pa ntchito yosamalira okalamba, ndikudzutsa agogo ena omwe anagwa kubafa, ndipo atandipanga opaleshoni, kutsika masitepe kupita pabalaza kunali kosatheka. Mayi a kunyumba ankagwira ntchito usiku, masana n'kumagona kuchipinda cha mwana kuti asandigunde. Achibale ku Dedza ankaimba foni kufunsa za fizi, ine n'kumangoti zikhala bwino. Ululu wa msana unali ndi mankhwala ake. Chimene chinkandidya kwambiri chinali maganizo: bambo wamkulu, wobwera kutali kudzasaka ndalama, kumadikira kuti wina amuveke masokosi. Ndinasiya kuyankha mafoni, ngakhale a anzanga akutchalitchi.

Mlamu wanga ndi amene anabweretsa Wii U, ataipeza yotsika mtengo chifukwa chosowa ogula. Anailumikiza m'chipinda choyandikana, n'kundiikira GamePad pachifuwa. "Alamu, TV simukuifuna apa, gemu yonse ili m'manja mwanumo," anatero. Chinthu chomwe chinasokoneza ogula m'mashopu chija n'chimene munthu wogona chagada ankafunikira. Ndinkasewera Super Mario 3D World mawondo ali pa pilo, sikirini ili pafupi ndi mphuno. Madzulo mwana wanga akaweruka kusukulu ankakwera pabedi mosamala, n'kumandiuza kodumphira. Kanali koyamba chichokereni kuchipatala kuti tizicheza nkhani ina osati ya matenda anga.

Munalinso Miiverse, malo omwe osewera ankalemba timauthenga ndi kujambula ndi kacholembera pa sikirinipo. Ndinkajambula mapiri a kwathu, mwakuda ndi moyera basi, ndipo m'mawa ndinkapeza anthu osawadziwa atadina "Yeah!" pansi pake. Wina anganene kuti n'zachibwana, koma munthu amene wadzitsekera kwa aliyense amayambira pa zazing'ono zoterozo. Adokotala a mafizo atandilola kuimirira, ndinayamba Wii Fit U, gemu yolimbitsa thupi, pa kabolodi koyera koyeza mmene ukupondera. Kankandionetsa poyera kuti thupi lonse ndikulitsamiritsa kumanzere poopa ululu. Fit Meter, kowerengera mapazi, ndinkakakoleka m'chiuno, ndipo n'komwe kanandikoka kutuluka panja, koyamba kukafika pageti, kenako pa siteji ya basi.

Nkhani za kampani ya Nintendo ndinkazitsatira ngati za m'bale amene tagonekedwa wodi imodzi. Mu Januwale 2014 mkulu wa Nintendo, Satoru Iwata, anadula malipiro ake ndi theka kwa miyezi isanu chifukwa cha kuluza. Iye anali atakana kale zochotsa antchito, ponena kuti anthu ogwira ntchito mwamantha sangapange magemu osangalatsa. Kwa ine amene ndinkada nkhawa ngati ntchito yanga idzakhalapobe, zimenezi zinandikhudza kwambiri. Bamboyu anamwalira pa 11 Julayi 2015 ali ndi zaka 55, osaona Switch, yolowa m'malo mwa Wii U, yomwe inatuluka mu Malichi 2017 ndi nzeru yomweyo yosewera ulibe TV, n'kugulidwa kuposa Wii.

Wii U anasiya kuipanga kumayambiriro kwa 2017 itagulidwa 13.56 miliyoni yokha, ndipo Miiverse inatsekedwa mu Novembala chaka chomwecho. Chimene chimandipwetekabe mtima n'chakuti otsatsa malonda ake analephera kufotokozera anthu chomwe ankagulitsa. Pano ndinabwerera kuntchito, kumbali yokonza ndandanda ya ogwira ntchito, osanyamulanso munthu, ndipo ndimakumana ndi anthu ambiri ogona nthawi yaitali omwe sanamvepo za makinawa. Awiri mwa iwo ndinawabwereka yanga, mabanja awo atavomera, ndipo panopa ili kwa wachiwiriyo.