Ndinagawa chuma cha masiye ndili moyo

Poti alamu anga ayamba kale kulengeza mu gulupu kuti mbatata inandilembetsa wilu, bola ndifotokoze ndekha asanathiremo mchere wina. Choyamba sinali mbatata yokha. Inali mbatata yootcha, kenako tchipisi cha pachiwaya chosambira m'mafuta chija ndi kambuzi wake, ndiye kufika pakhomo ndapeza nsima ya nyemba, ndipo inu okwatira mukudziwa kuti sunganene zoti ndadya kale kunjira. Ndinaigwetsa, kutsitsira tiyi, n'kudziponya pabedi nthawi yomweyo.

Pakati pa usiku ndadzidzimuka pachifuwa pakuyaka. Chilungulira ndimachidziwa ine, koma ichi chinabwera ndi abale ake, moto kuchokera pamwamba pa mimba mpaka kukhosi, mkamwa madzi owawasa okhaokha. Ndinati basi ndi mtima uwu, ulendo wapsa.

"Amayi dzukani, yatsani tochi, tengani cholembera." Iwo maso ali chitsinzire akuti "abambo si chilungulira chimenecho, mwadya chani kunjira?" Tangoganizani, munthu ukufa wina akukufunsa zakudya. Anapita kukhitchini, kusungunula soda wa therere uja m'kapu ya madzi, ine kumwa mongowasangalatsa poti ndinkadziwa kuti zanga zatha, kenako ndinayamba kulongosola. PIN ya pafoni ndinatchula. Ndalama zili m'thumba lamkati la jekete ya ukwati ndinaulula. Bonasi ija ndinati abwana sanapereke, ndinati anapereka. Njinga ija sinabedwe. Ndipo chomwe chikundiwawabe mpaka lero n'choti amayi sanalire ngakhale pang'ono, amangolemba mwaudongo tochi ali nayo kukamwa, mpaka kuichotsa n'kunena kuti "bwerezani nambala yachitatuyo."

Ndili mkati motchula ondikongola ndinamva chinthu chikunyamuka m'mimba. Soda uja akakumana ndi asidi amapanga mpweya, izi ndauzidwa pambuyo pake, nthawiyo ndinkayesa ndi mzimu ukutuluka moti ndinagwira dzanja la amayi n'kutseka maso mwaulemu. Abale, kugeya kwake! Kunayambira m'maondo. Kunali ndi ndime zake, mbatata inadutsa n'kupereka moni, kambuzi pambuyo, nyemba zinabwera pomaliza mosafulumira ngati akuluakulu a mpingo. Ndimati kwatha, kumangokhota n'kupitirira. Galu wa aneba anayamba kuuwa, mwana kuchipinda kwake anafunsa ngati kwabwera njinga yamoto, katani inagwedezeka, iyi ndiye ndinaiona ndi maso angawa. Kenako zii. Moto wathima. Ndili bwinobwino, wathanzi kuposa dzulo, mkazi wanga ali poteropo ndi pepala lodzadza mbali zonse.

Ndinayesa kubuulako pang'ono kuti zisaoneke kuti ndachira msanga, anangoti "gonani abambo", pepala analipinda kanayi n'kulilowetsa mukudziwa kale kumene amayi amasunga zinthu.

Kutacha anandikokera kuchipatala. Adokotala anati polowera m'chifu pali kamnofu kotseka, ndiye ukakhuta kwambiri, makamaka zamafuta, tsabola, tiyi kapena mowa, n'kugona pompo, asidi amabwerera kummero n'kumawotcha. Akuti ndizidya msanga, papite maola atatu ndisanagone, ndizigonera kumanzere, ndipo miyendo ya bedi ya kumutu ndiikweze ndi njerwa chifukwa kuunjika mapilo kumangopinda mimba. Soda anati asakhale chizolowezi, ali ndi mchere wambiri, kwa a BP si wabwino. Brufen yemwe ndimamwa msana ukavuta akuti naye amakolezera. Anandipatsa magnesium wotafuna uja, n'kuti zikamabwera kawirikawiri ndibwerere akandiyambitse omeprazole, womwa m'mawa usanadye kanthu.

Tsopano apa a mu gulupu mumvetsere, poti alamu mbali iyi akuidumpha dala. Adokotala omwewo anati kupweteka kwa pachifuwa si koseweretsa, mtima ndi chilungulira zimasokoneza ngakhale anthu ophunzira, ndipo ululu ukamafika kudzanja kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuperewera, usadikire kuche. Ndiye mantha angawo anali a sayansi. Amayi anangoyankhira pambali kuti adokotala anena zothamangira kuchipatala, sananene zotchula PIN, zomwe ndikuona kuti sizinafunike kunenedwa pamaso pa anthu.

Njerwa ndinaika koma ndikuganiza ndinachulutsa, m'mawa tonse timapezeka tatsetserekera kumiyendo, neti itatikulunga. Jekete ija ndinaipeza yochapidwa, yositidwa bwino kwambiri, m'matumba mwayera. Pakhomo pabwera mapoto atsopano ndi chitenje chomwe sindinafunse mtengo wake. Za njinga akuti tikambirana ndikamaliza mankhwala, ndiye ndikumwa theka theka.