Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kalasi ya Kuseri kwa Tchalitchi

M'gawo lapitalo ndinakusiyani pomwe situdiyo ya ku Limbe, komwe ndinkatsuka zithunzi, inatsekedwa. Nthawi ya filimu inali itatha. Kampani ya Kodak yeniyeniyo inakanika kubweza ngongole zake mu 2012, nanga ife a ku Limbe tikanalimba bwanji? Ndinatsala ndi kamera imodzi ya Canon, laputopu yomwe alamu anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndi luso la m'manja lopanda pogwira. Kumayambiriro kwa 2022 akuluakulu a mpingo wathu ku Ndirande anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kuti Loweruka lililonse ndiziphunzitsiramo anthu kujambula ndi kukonza zithunzi pakompyuta.

Ndinkayembekezera achinyamata, koma omwe anafika anali anthu akuluakulu, a mabanja awo. Panali mayi wina wogulitsa zitenje mumsika, yemwe ankafuna kuti katundu wake azioneka bwino pa WhatsApp ndi pa Facebook. Panali mlembi wa mpingo, mphunzitsi wopuma pantchito, komanso bambo wina wa imvi amene anajambula anthu zaka zambiri m'midzi ya ku Chiradzulu, akuyenda panjinga ndi filimu ya zithunzi 36 m'thumba. Bamboyu ankadziwa kuimika banja lonse pamzere, agogo pakati, ana pansi, koma dzanja lake likagwira mausi linkanjenjemera. Munthu wamkulu ukamamuphunzitsa sumulanda mausi m'manja, ngakhale achedwe chotani. Ukamulanda kamodzi, amaseka mwaulemu, n'kuti "pangani ndinu aphunzitsi", ndipo sabata yamawa sabweranso. Ndiye ndinkakhala pambali, manja kumbuyo, n'kumadikira.

Chaka chimenecho magetsi anali osadalirika. Namondwe wa Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, moti kuzima kunkatenga maola ambiri. Batire la laputopu likatha tinkatuluka panja, ndipo panjapo m'pamene panali phunziro lenileni. Ndinkaimika mmodzi padzuwa la liwombo, ena n'kumujambula ndi mafoni awo a Tecno ndi Itel. Maso ankatuluka akuda bii, chipumi chikunyezimira ngati mphika wotsukidwa ndi mchenga. Kenako tinkamusunthira pakhonde, nkhope kuloza komwe kukuchokera kuwala, wina atagwira katoni yomatidwa pepala lasiliva cham'munsi mwa chibwano. Foni yomweyo, munthu yemweyo, koma chithunzi china. Ndinawaonetsanso kuti ukakhudza nkhope pagalasi la foni, pamatuluka kadzuwa kakang'ono komwe ungakweze kapena kutsitsa ndi chala. Mlembi wa mpingo anali atakhala ndi foni yake zaka, kadzuwako osakaonapo.

Nkhani yomwe inandigwira mtima kwambiri inabwera ndi mayi wa zitenje uja. Anabweretsa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo: diresi loyera mbee, nkhope ya mkwatibwi yosaoneka.

"Aphunzitsi, tamuyeretseniko mwana wangayu. Anzanga ali ndi pulogalamu ina m'foni, imangoyeretsa kamodzi n'kamodzi."

"Amayi, mwana wanu ndi wakhungu lotani?"

"Ndi woderako, ngati ine ndemwe."

"Ndiye tiyeni timupeze mmene alili. Vuto ndi kamera, osati nkhope yake."

Ndinawafotokozera onse zomwe zimachitika. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufuna kukuika pakatikati. Ikaona diresi loyera ladzaza malo, imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala konse, nkhope n'kulowa mumdima. Ndinawauzanso zomwe ife otsuka zithunzi tinkadziwa: kuyambira m'zaka za m'ma 1950, makina otsukira zithunzi ankawachunira pakhadi lotchedwa Shirley, pomwe panali chithunzi cha mzimayi wachizungu. Khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Zaka zonsezo khungu lathu silinali m'maganizo mwa opanga filimu, ndipo ambiri a ife tinakula tikudziona pazithunzi tili mdima wokhala ndi mano ndi maso basi. Zimandiwawa kuona kuti lero, zida zili m'manja mwathu, tikuthamangira kudziyeretsa mpaka kutuwa, m'malo mophunzira kudzijambula bwino.

Tinatsegula chithunzicho mu GIMP, pulogalamu yaulere yomwe sifuna intaneti, chifukwa Photoshop ndi yolipira mwezi ndi mwezi ndipo palibe mmodzi wa ife akanaikwanitsa. Choyamba tinasunga kope lina, choyambiriracho osachikhudza. Kenako mayi aja anagwira okha mausi n'kutsegula Curves, chida chokhala ndi mzere wosinthira kuwala kwa chithunzi. Ndinawauza kuti akweze chigawo cham'munsi cha mzerewo, komwe kuli mithunzi, pang'onopang'ono, kumtunda akusiye kuti diresi lisapserere. Tsaya linayamba kutuluka, lofiirira, kenako kabowo ka patsaya ka munthu akamamwetulira, kenako ndolo yomwe poyamba sinkaoneka n'komwe. Ndinawaimitsa pomwe tinyenyeswa tinayamba kuoneka pakhungu, poti chithunzi cha JPEG (mtundu wa zithunzi zofinyidwa) chodutsa pa WhatsApp sichipirira kukokedwa kwambiri. Mayiwo anayandikitsa nkhope pagalasi, n'kunena kuti, "Eya, uyu ndiye mwana wanga." Bambo wa ku Chiradzulu uja anapempha kuti tibwereze kuyambira poyamba, nayenso ayese ndi dzanja lake. Anachedwa, koma anafika.

Tsiku lomwelo tinagwirizana lamulo la kalasi yathu: chiphuphu chomwe chituluka lero n'kutha mawa tingachotse, koma mtundu wa khungu, chipsera chakale ndi makwinya a agogo sitikhudza, pokhapokha mwiniwake atapempha yekha. Ndinawaphunzitsanso kutumiza zithunzi pa WhatsApp ngati Document kuti zisafinyidwe, ndi kugwiritsa ntchito Snapseed, pulogalamu yokonzera zithunzi pafoni, kwa omwe kunyumba kulibe kompyuta.

Chakumapeto kwa dzinja mlembi wa mpingo anabwera ndi uthenga woti banja lina la ku Chilomoni likufuna ojambula pachinkhoswe, ndipo lamva za kalasi yathu. Mmene tinayendera kumeneko ndi kamera imodzi, mafoni ndi katoni yathu ya siliva, ndidzakusimbirani m'gawo 12.