Hedi ya ku Wichita

Aliyense amene anasewerapo difenda pa bwalo la fumbi akudziwa kuti mpira ukamabwera m'mwamba mutu umanyamuka wokha, sudikira kuuzidwa. Zimenezi zinandionetsa zakuda kuno ku Wichita, Kansas.

Mnzanga wa kuntchito anandikoka kuti tikaonere baseball, mpikisano umene umachitika kuno chaka chilichonse wotchedwa NBC World Series, ine baseball sindiitsata olo pang'ono koma tikiti inali yaulere ndiye mukudziwa kale. Tinakhala pafupi ndi madala ena a chipewa chofwifwa, atangoona kuti ndine mlendo basi anayambapo mbiri osafunsidwa. Akuti kale ku America tauni iliyonse inali ndi timu yake, mafakitale nawonso, anyamata masana ali pa ntchito kenako Loweruka ndi Lamulungu akusewera nkulandira kangachepe, ena amalembedwa ntchito pa fakitale chifukwa cha dzanja loponya bwino basi. Ndiye mu 1935 mkulu wina wogulitsa katundu wa masewera, Hap Dumont, anati matimu amenewa akumane kuno apikisane, ndipo kuti anthu adzaze sitediyamu analonjeza Satchel Paige, katswiri woponya mpira, madola 1,000 kuti abwere ndi timu yake ya ku Bismarck, North Dakota. Ndalamazo analibe, amadalira za pageti! Apa ndinatchera khutu, munthu wotere timamudziwa tonse.

Madala aja anandigwira pamkono kuti ndimve bwino gawo lokoma, kuti timu ya Bismarck inali ya akuda ndi azungu pamodzi, zaka 12 Jackie Robinson, uja anatsegulira akuda njira, asanalowe ligi yaikulu mu 1947, Paige anawina magemu 4 nkutulutsa omenya 60 olephera kumenya mipira yake ndipo chikho chinapita kwawo. Ine pakamwa yasa, nkhope yonse ili kwa madala, bwalo ndaliiwala.

Kenako phokoso, kho! Anthu akukuwa, ena akubisa mitu, ana akukweza magolovesi m'mwamba. Nditatembenuka ndinangoona kanthu koyera kakutsika molunjika ine. Abale, thupi linakumbuka zakwathu. Ndinadzuka, nkulimbitsa khosi bwinobwino mmene kochi ankatiuzira, maso osatseka, nkukalandira ndi chipumi.

Kampira kameneka mkati muli cork ndi labala, akulungiza ulusi wothina kwambiri nkusokerapo chikumba cha ng'ombe, sikadziwa kuti kunja kuno kuli hedi. Ndinamva belu, ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo, soda yanga inathera m'nsapato za mnzanga uja. Koma kunena zoona hedi inali yabwino, mpira unauluka mizere itatu kutsogolo nkugwera m'golovesi ya kamtsikana kena, anthu mbali yathu yonse anaombera m'manja, mwana akudumphadumpha, bambo ake akundiimikira chala chachikulu pamene ine sindikudziwa ngati ndili ku Kansas kapena ku Kasungu.

A first aid anabwera ndi ayisi, pamphumi patatuluka kale chotupa ngati mandasi, ndipo ulusi wofiira wa mpira uja unali utadinda timizere pakhungu. Anandifunsa dzina, tsiku, ndi zala zingati akundionetsa. Kenako mayi mmodzi wa iwo anafunsa motsitsa mawu kuti kodi bambo, manja anu ali bwinobwino? Ndinati ali bwino. Ndiye bwanji simunawagwiritse ntchito? Ndinati kwathu imeneyo ndi penate.

Madala aja anadikira mwaulemu mpaka a first aid atachoka, nkusendera pafupi, nkundigwiranso pamkono. Akuti mnyamata iwe, sindinakuuze za 1936.